Zitsekerero m'Chitini

Lachinayi lililonse, dzuwa likapendeka ku Highfield,
timalowa m'kalasi ya ana a giredi yachitatu,
mawondo athu akuluakulu osakwana pansi pa madesiki.
Pakhomo ndi dola imodzi. Chenje kulibe,
Rumbidzai amabweza maswiti awiri.

Aliyense ali ndi ntchito yake.
Tonderai, kondakitala wa kombi ya ku Machipisa,
wokuwa tsiku lonse mpaka mawu kusasa,
akaima kutsogolo amanjenjemera ngati mwanapiye wonyowa.
Ndiye wosunga nthawi:
khadi lobiriwira, lachikasu, kenako lofiira.
Likakwera lofiira, tsika, ngakhale nkhani ikukoma.
Mayi Mutasa, namwino wopuma pantchito,
amakhala pakona ndi chitini cha jamu
ndi zitsekerero za mabotolo m'chikwama.
Ukati "eee", ngwe!
Ukati "ndiye kuti, ndiye kuti", ngwe! ngwe!
Tsiku langa loyamba ndinawadzazira chitini,
makumi anayi ndi chimodzi.
Anandiuza akumwetulira, ngati akulengeza sikelo ya khanda.

Ndine telala. Singano sindiyiopa,
koma lilime langa ndi makina odumpha ulusi.
Ndinabwera chifukwa mwana wanga akwatiwa mu Disembala
ndipo bambo wa mkwatibwi sangangoti zikomo n'kukhala pansi.

Miyezi inayi ndakhala ndikuyeseza pagalasi la m'shopu,
masuti opanda mitu akundimvetsera.
Taphunzira poika manja,
kuyang'ana anthu osati denga,
kuwombera m'manja ngakhale wogwa pakati pa chiganizo.
Farisai atalira pofotokoza za mabedi ake
omwe anapsa pamsika wa Glen View,
tinamudikira tonse,
khadi lofiira Tonderai atalikhalira.

Dzulo linali langa. Mutu: dzina langa.
Ndinakonza m'Chingerezi chosita bwino,
mizere yowongoka ngati thalauza la ukwati.
Nditangotsegula pakamwa, magetsi thi!
Wina anaseka. Wina anayamba kufufuza foni.
"Pitirizani," anatero wapampando.

Pepala silinkaoneka. Maso a anthu sankaoneka.
Ndipo anatuluka mawu omwe ndinawasokerera m'mpendero
kuyambira tsiku lomwe anzanga pabwalo la sukulu
anandizinga akuwomba m'manja, "achimwene, achimwene!"

Ndine Chiletso, mwana wa Chimphepo,
amene anachoka ku Ntcheu wapansi, bulangete limodzi paphewa,
nadzaphikira azungu ku Avondale zaka makumi atatu.
Wagona ku manda a ku Mbudzi osaonanso phiri la kwawo.
Ndinanena za njinga yake yopanda mabuleki,
za waya womwe ankaukoleka pamtengo wa mapeyala
kuti wailesi igwire mawu a kumudzi usiku,
za momwe ankandiyitanira m'chinenero chake pamaso pa anzanga
ine n'kumuyankha m'cha eni dziko,
mokweza, kuti onse amve kuti sindine wake.

Chitini sichinalire.
Kaya nthawi inatha, sindidziwa;
khadi lofiira silioneka mumdima.

Nditamaliza, kunali zii.
Kenako pakona paja, mawu omwe miyezi yonseyi
ndinkawamva m'Chishona chokhachokha:
"Ntcheu yake iti, achimwene?
Amayi anga anali a kwa Ganya."

Magetsi anabwera tikumwa tiyi ndi mabanzi a dzana.
Mayi Mutasa anaima kupereka lipoti:
Tonderai, zisanu ndi ziwiri.
Rumbidzai, zitatu, wayesetsa.
"A Chimphepo, sindinawerenge."
Anapukuta magalasi awo nthawi yaitali,
kuposa momwe magalasi amafunira.

Potuluka anandifumbatitsa chitsekerero chimodzi.
Chili m'thumba la suti ya Disembala,
lomwe ndasoka lakuya kuposa linzake.
Sabata yamawa wosunga nthawi ndine.
Tonderai akuti ndibwere ndi tochi.